Kodi Chisoni Nkuchepa kwa Chikhulupiriro?

Alipo ena amene amayesa kuti munthu wokhulupirira Mulungu sayenera kumva chisoni, ndi kuti wachisoni sangathe kuseka. Moyo wa Bambo Gerard Manley Hopkins, mlakatuli wa ku England, utiphunzitsa zina.

Iyeyu adabadwa m'chaka cha 1844, nalandiridwa mu Eklezia Katolika ndi John Henry Newman mu 1866. Pofuna kulowa m'chipani cha Ayezuiti mu 1868, adatentha ndakatulo zache, poganiza kuti sizigwirizana ndi moyo umene Mulungu adamuitanira. M'buku lache lolembamo za tsiku ndi tsiku adafanizira zimenezi ndi kuphedwa kwa ana osachimwa a ku Betelehemu. Taonani, m'fanizo limeneli muli nthabwala, pakuti adziyesa Herode. Mulinso misozi, pakuti ndakatulozo zidali ngati ana ache.

Adakhala chete zaka 7. Mu 1875 chombo chotchedwa Deutschland chidasweka, ndipo mwa omira mudali masisitere 5 a Fransisko Woyera. Mkulu wache atalakalaka kuti wina alembe za tsokalo, Hopkins adagwiranso cholembera. Koma The Month, magazini ya Ayezuiti anzache, idakana kusindikiza ndakatuloyo. Ku Dublin, kumene adapita mu 1884 kukaphunzitsa Chigriki ndi Chilatini, adalema ndi kuchonga mayeso, nalemba za mdima wa mumtima, monga munthu woitana Mulungu osamva yankho. Komabe mu imodzi mwa ndakatulo zimenezo akana poyera kutaya mtima. Adamwalira ndi nthenda ya taifodi mu 1889, ali ndi zaka 44, ndipo buku la ndakatulo zache lidatuluka mu 1918 mwa khama la bwenzi lache Robert Bridges.

Tsono tisasokoneze chisoni ndi kutaya chiyembekezo. Wachisoni alira akuyang'ana kwa Mulungu, monga adachitira Ambuye Yezu m'munda wa Getsemani. Wotaya chiyembekezo amfulatira. Ndipo wodziwa kudziseka pa mavuto ache aonetsa kudzichepetsa, chifukwa wodzikuza salola kusekedwa ngakhale ndi iye mwini.

Inu akatekisti, mukapeza mkristu wosweka mtima, musafulumire kumdzudzula kuti chikhulupiriro chache nchochepa. Khalani naye, mumvereni, ndipo akaseka sekani naye. Inunso mukaona ngati ntchito yanu siibala zipatso, kumbukirani wansembe uja amene adaikidwa m'manda buku lache lisanaoneke. Kufesa nkwathu, tsiku lokolola alidziwa Mwini munda.