Mthenga Wopanda Phokoso Kulibe

Pali dandaulo lakale limene anthu oganiza mozama amapereka pa chipembedzo chilichonse chonena kuti chinalandira mawu ochokera kumwamba. Amati mawuwo sanatifike okha. Anadzera m'kamwa mwa mneneri, m'dzanja la mlembi ndi m'mutu mwa womasulira, ndipo aliyense wa amenewa anali munthu wa nyengo yake, wokhala ndi mantha ake ndi zokonda zake. Choncho, amatero iwo, zimene tili nazo ndi mawu a anthu basi. Okhulupirira ambiri amayankha kuti mthenga wawo sanawonjezepo kanthu, kuti chimene chinalowa m'khutu mwake ndi chomwecho chinatuluka pakamwa pake. Mbali ziwirizi zimakangana kwambiri, komabe zimagwirizana pa mfundo imodzi zosadziwa, yakuti mthenga wodalirika ndi yekhayo amene sasiya chake chilichonse mu uthenga. Ine ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yolakwika, ndipo anthu amene anaiyesa mosamala kuposa wina aliyense ndi mainjiniya opanga ma ampulifaya a mafunde a wailesi.

Mafunde akamafika pa eriyo ya foni ya m'manja amakhala atafookeratu. Foni imagwirabe ntchito ndi siginolo imene mphamvu yake siyikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni imodzi a watt. Kanthu kochepa chonchi kayenera kuyamba kakulitsidwa, ndipo ntchitoyo imagwiridwa ndi transistor, kachipangizo kamene John Bardeen ndi Walter Brattain anakapanga ku Bell Labs, ku America, mu Disembala 1947, ali m'gulu lotsogoleredwa ndi William Shockley. Transistor, yomwe ndi mtima wa ampulifaya, imatenga mphamvu ku batire n'kuiumba motsanzira kasiginolo kofooka kaja, kuti chotuluka chifanane ndi cholowa koma chikhale chachikulu. Mphamvu ya zotulukazo ndi ya ampulifaya, maonekedwe ake ndi a wotumiza. Umenewu ndiwo udindo wa mthenga, ndipo injiniya ayenera kuyankha ndi manambala ngati mthenga wakeyo ali wokhulupirika asanawotcherere kanthu pa bolodi.

Yankho loyamba linabwera transistor isanabadwe. Mu 1928 John B. Johnson anafalitsa zimene anayeza, zoti resistor iliyonse, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, imatulutsa kaphokoso ka magetsi ngakhale isanalumikizidwe ku batire, ndipo Harry Nyquist anafotokoza chifukwa chake m'chaka chomwecho. Ma elekitironi a m'chinthu chofunda sakhala bata. Amanjenjemera ndi kutenthako, ndipo kunjenjemerako ndi mbali ya phokoso la shii limene wailesi imachita ikakhala pakati pa masiteshoni. Pa kutentha kwa 290 kelvin, komwe ndi kwa m'chipinda wamba, kukula kwa phokosoli ndi -174 dBm pa hertz iliyonse, nambala imene injiniya wa mawailesi amaidziwa pamtima. Chozama pa zimene Nyquist anaonetsa n'chakuti phokosoli limatulukira pamalo omwewo pamene chinthu chimamwera mphamvu: chokhoza kulandira chiyeneranso kutulutsa kake. Herbert Callen ndi Theodore Welton anakulitsa mfundoyi mu 1951 kuti ikhudze zinthu zambiri za m'chilengedwe. Palinso phokoso lina, limene Walter Schottky analifotokoza mu 1918, lobwera chifukwa magetsi amayenda elekitironi imodziimodzi. Ukaziziritsa ampulifaya phokoso limachepa, koma silitha. Carlton Caves anaonetsa mu 1982 kuti ampulifaya ya mtundu wamba, yokulitsa mafunde mosasankha, imawonjezabe kake malinga ndi malamulo a quantum ngakhale itazizira kotheratu. Ndiye kuti phokoso silingathetsedwe ndi luso kapena ndalama, pakuti muzu wake uli m'mapangidwe a zinthu zimene timamvera.

Zikanakhala kuti kuwonjeza chako kumafafaniza uthenga wonse, padziko sipakanakhala wailesi yodalirika. Koma chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chimamvekabe pa mbale zazikulu za ku Goldstone, Madrid ndi Canberra chili pa mtunda woposa makilomita 20 biliyoni, chikhalirecho chotumizira chake chili ndi mphamvu ya mawatt ongopitirira 20. Chimene mainjiniya anachita n'kusiya kufunafuna mthenga wosalakwa n'kuyamba kuyeza kulakwa kwake. Harald Friis anakhazikitsa mu 1944 muyeso wotchedwa noise figure, wosonyeza mmene ampulifaya yadetsera siginolo poidutsitsa. Lero transistor yopangira ntchito imeneyi imagulitsidwa ndi pepala lonena phokoso lake pa mafunde akutiakuti ndi pa magetsi akutiakuti, ndipo wogula amaikhulupirira chifukwa cha kuulula kumeneko. Pali kanthu kenanso kamene kamandikhudza m'ntchitoyi. Kalumikizidwe ka eriyo ndi transistor kopereka mphamvu yochuluka koposa nthawi zambiri si kamene kamapereka phokoso lochepa koposa. Wopanga gawo loyamba la cholandirira amalolera kutaya ina mwa mphamvu kuti asadetse uthenga. Amasankha mthenga wolankhula motsikirapo koma molongosoka.

Phindu la kudziwa phokoso lako linaoneka bwino ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey, mu 1964 ndi 1965. Arno Penzias ndi Robert Wilson ankagwiritsa ntchito eriyo yaikulu yooneka ngati nyanga, yolumikizidwa ku ampulifaya ya mtundu wa maser yoziziritsidwa ndi helium yamadzi. Atailozetsa kumwamba pa mafunde a 4080 MHz anapeza phokoso lofanana ndi kutentha kwa 6.7 kelvin. Anawerengera kuti 2.3 ikuchokera ku mpweya wa mlengalenga ndipo pafupifupi 0.9 ikuchokera ku eriyo yeniyeniyo. Panatsala 3.5 yosadziwika kwawo. Anachotsa nkhunda zimene zinamanga zisa m'eriyomo, anatsuka zitosi zake, anayang'ana molumikizira monse, koma chotsalacho sichinachoke, usana ndi usiku, kulikonse kumene analoza. Chinali kutentha kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe, ndipo analandira nacho mphotho ya Nobel mu 1978. Munthu wonena kuti chipangizo chake chilibe phokoso sakanaona kanthu apa, chifukwa sakanakhala ndi manambala ochotsera. Wonena kuti zonse ndi phokoso la chipangizo akanataya 3.5 ija pamodzi ndi zitosi. Anaipeza ndi anthu odziwa gawo lawo mpaka kukhoza kunena kuti ichi n'chathu, koma ichi ayi.

M'mabuku achipembedzo khalidwe limeneli limapezekamo, ngakhale kuti owerenga ake ena amaliphimba. M'chaputala 7 cha kalata yake yoyamba kwa Akorinto, Paulo amalekanitsa chimene akuti ndi lamulo la Ambuye ndi chimene ndi maganizo ake iye mwini, ndipo amanena poyera pamene alibe lamulo. Luka amayamba buku lake posonyeza kuti sanali mboni yoona ndi maso, kuti anafufuza kwa amene analipo. Akatswiri achisilamu a hadith, monga al-Bukhari amene anamwalira mu 870, ankalemba mndandanda wa onse amene nkhani inadzera mwa iwo, ndipo ankayeza wosimba aliyense pa kuona mtima kwake ndi pa mphamvu yake yokumbukira mawu. Onsewa ankadziwa kuti mthenga ali ndi gawo lake, ndipo ankayesetsa kulilemba pambali kuti lioneke.

Wina angatsutse ndi mfundo ya John Locke, amene analemba mu 1690 kuti umboni umachepa mphamvu pamene ukutalikira mwini wake woyamba. Ngati mthenga aliyense awonjeza kake, ndiye kuti pakadutsa mibadwo yambiri sipatsala kanthu. Friis anayankha funso lofanana nalo ndi masamu. Ma ampulifaya akalumikizidwa motsatizana, phokoso la gawo lachiwiri limagawidwa ndi kukulitsa kwa gawo loyamba, lachitatu limagawidwa ndi kukulitsa kwa awiri oyambawo, choncho mpaka kumapeto. Gawo loyamba likakulitsa mphamvu ka 100, phokoso la lachiwiri limalemera gawo limodzi mwa 100 chabe. N'chifukwa chake ampulifaya yabwino koposa imaikidwa pafupi ndi eriyo, monga kachipangizo kaja kamakhala kutsogolo kwa mbale ya kanema wa satelayiti. Uthenga umene unalembedwa msanga n'kukopedwa m'malo ambiri suwonongeka ndi zaka monga Locke ankaopera, pakuti zolakwa za mlembi mmodzi zimaoneka poyerekeza ndi makope ena. Koma lamulo lomweli limaluma okhulupiriranso. Phokoso lolowera pa gawo loyamba limakulitsidwa pamodzi ndi uthenga, ndipo palibe gawo lapatsogolo lingalichotse. Kukopedwa mokhulupirika kwa zaka 1000 kumatsimikizira kuti tili ndi zimene mboni yoyamba inanena, osati kuti mboniyo inamva bwino.

Kutsutsa kolemera koposa n'kwakuti munthu salakwitsa ngati resistor. Phokoso la kutentha lilibe mbali, silikondera, ndipo ukayeza nthawi yaitali limadzifafaniza lokha. Kulakwitsa kwa munthu kumapendekera kumene kuli phindu lake, mtundu wake ndi ulemu wake. Izi ndi zoona ndithu, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Komabe mainjiniya amalidziwanso vuto la mtundu umenewu, ndipo amaliopa kuposa phokoso. M'kati mwa transistor muli kanjira kobisika pakati pa potulukira ndi polowera, kamene pa mafunde otsika sikavuta, koma pa mafunde a wailesi kamabweza zina mwa zotuluka kuti zilowenso. John Miller anafotokoza zotsatira za kanjira kotere mu 1920 pa ma valavu, amene ankakulitsa mafunde transistor isanabwere. Zobwererazo zikagwirizana ndi zolowa n'kukula mokwanira, ampulifaya imasiya kumvera eriyo n'kuyamba kudzimvera yokha. Ndi zomwe zija zimachitika m'tchalitchi maikolofoni ikayandikira sipika, nyumba yonse n'kudzaza kulira kobaya m'makutu pamene palibe akulankhula. Chochititsa mantha n'chakuti ampulifaya yotere imatulutsa funde lamphamvu, losalala, looneka loyera kuposa siginolo iliyonse yochokera kutali, koma mulibe uthenga wa wina aliyense. Kumveka mopanda chikayiko si umboni wa kukhulupirika, ndipo mphunzitsi amene mawu ake amatuluka chimodzimodzi pa ndime iliyonse imene wawerenga, amene amangokulitsa zimene omvera amuombera m'manja, ali m'vuto lomweli. Mankhwala ake pa bolodi ali ndi phunziro. John Rollett anapereka mu 1962 muyeso wothandiza kuona ngati ampulifaya ingayambe kudzimvera ikalumikizidwa ku zinthu zosiyanasiyana, ndipo injiniya amauyang'ana ngakhale pa mafunde amene sakufuna kugwiritsa ntchito. Ukaonetsa ngozi, nthawi zambiri amaikapo resistor, akudziwa kuti ichepetsa mphamvu ndipo iwonjezako phokoso. Amavomera mthenga wa phokoso lochulukirapo pang'ono pofuna kupewa mthenga wolankhula zake zokha. Pakati pa anthu ntchito ya resistor imeneyi imagwiridwa ndi mboni zina zosadalirana, otsutsa ololedwa kulankhula, ndi zolembedwa zakale zimene wina aliyense angaziwerenge yekha. Zonsezi zimachepetsa liwu la mtsogoleri, ndipo chipembedzo chimene chimazichotsa kuti liwulo limveke loyera chimadziika pangozi yaikulu kuposa imene chikuthawa.

Latsala funso la wokhulupirira: kodi Mulungu wamphamvuyonse sangalankhule mopanda mkhalapakati? Ngakhale atatero kwa munthu aliyense payekha, wolandirayo akhalabe munthu, wa chinenero chimodzi, wa zaka zowerengeka, womva ndi ubongo umene umatopa ndi kuiwala. Kuchotsa aneneri ndi alembi kungangosamutsira gawo loyamba m'mutu mwa aliyense wa ife, kumene kulibe mnzake woliyeza. Chiphunzitso chakuti Mulungu anateteza amithenga ake ku kulakwa ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo ampulifaya singachitsimikize kapena kuchigwetsa. Chimene ingasonyeze n'chakuti chiphunzitsocho sichofunika kuti uthenga ufike. Wosakhulupirira nayenso ali ndi ufulu wonena kuti zonsezi sizikuonetsa kuti kuli wotumiza, ndipo akulondola. Penzias ndi Wilson atapeza chotsala chawo sanadziwe tanthauzo lake mpaka atakumana ndi gulu la Robert Dicke la ku Princeton, limene linkachiyembekezera pa zifukwa zina, ndipo panafunika miyeso ya anthu ena pa mafunde ena, kufikira satelayiti ya COBE imene inaponyedwa mu 1989, kuti kutenthako kukhazikike pa 2.7 kelvin. Mkangano wa wokhulupirira ndi wosakhulupirira uyenera kukhala pa chotsala choterocho: mutachotsa za nyengo ya mneneri, za chinenero chake ndi za zofuna zake, kodi patsala kanthu kamene gwero lake silili mwa iye, ndipo kodi mboni zina zosadalirana naye zikukapezanso?