Lamulo Limayeza Mowa M'magazi, Nanga Ife?



Ku America chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake pa oyendetsa galimoto ataledzera. Pafupifupi konse malire ndi 0.08 peresenti ya mowa m'magazi, koma Utah inatsitsa kufika 0.05 mu 2018. Ukagwidwa amakulanda laisensi, umalipira chindapusa, pena ndende imene. M'zigawo zambiri amakuikiranso kamakina m'galimoto: uyambe wauzira mpweya, kakamva mowa injini siilira.

Taonani, lamulo limafunsa kuti wamwa wochuluka bwanji. Chisilamu sichifunsa zimenezo. Surah Al-Maidah ndime 90 imatilamula kuupewa mowa, ndipo Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti chinthu choledzeretsa chikachuluka, ngakhale pang'ono pake ndi haramu. Kamakina ka Msilamu ndi taqwa. Kali mumtima, sikadikira wapolisi.

Komatu tisamati poti sitimwa ndiye zatha. Mnzathu waledzera, watenga makiyi, ife n'kukwera phee osalankhula? Moyo ndi amana, wathu ndi wa mwana woyenda m'mbali mwa msewu. Timuletse mwaulemu, timupezere womuyendetsa. Akwiye lero, bola afike wamoyo.

Allah atiteteze m'maulendo athu. Ameen.