Digiri Siiphunzitsa Kugwira Choko

Munthu wofuna kuphunzitsa ana a Sitandade 2 m'Malawi muno sangangolowa m'kalasi. Amayamba wapita ku TTC, kaya ku Kasungu, ku Karonga kapena ku Machinga, n'kutha zaka ziwiri akuphunzira kuphunzitsa: kulemba masikimu, kukonza pulani ya phunziro, kufunsa funso loti mwana aganize asanayankhe. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa (TP) mphunzitsi wake amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera, kuona mmene akulembera pa bolodi ndiponso ngati ana a kumbuyo akuwakumbukira. Koma wofuna kuphunzitsa ku koleji kapena ku sukulu ya ukachenjede nthawi zambiri safunsidwa zonsezi. Akangoonetsa digiri yachiwiri kapena PhD, amamupatsa ndandanda wa maphunziro ndi chipinda chodzaza ndi ophunzira, n'kumusiya. Tinagwirizana liti kuti mwana wa zaka 7 afunika mphunzitsi wophunzitsidwa, koma wa zaka 19 amukwanira aliyense wodziwa phunzirolo?

Sindikunyoza PhD. Ndi ntchito yowawa, ndipo amene anaimaliza ayenera ulemu wake. Koma tinene zoona pa chimene imaphunzitsa. Munthu amatenga kankhani kamodzi, mwina tizilombo ta m'mizu ya nyemba kapena malamulo a malo a nthawi ya atsamunda, n'kukakumba zaka zitatu kapena zisanu mpaka atadziwa zimene wina aliyense sadziwa. Omuwerenga amakhala anthu atatu kapena anayi, onse akatswiri. Ndiye munthu yemweyo aime pamaso pa achinyamata ongochoka ku Folomu 4, awafotokozere zinthu zimene iye anazidziwa kalekale moti anaiwala kuti zinamuvutapo. Ambiri amangochita chimene anaona aphunzitsi awo akuchita: iwo kuwerenga manotsi, ophunzira kukopera, mpaka ola lithe.

Ku America vutoli analiona kale. Dziko lawo lili ndi makoleji ndi mayunivesite pafupifupi 4,000, koma amene ali m'gulu lapamwamba pa kafukufuku, lotchedwa R1, sakwana 200. Ma PhD ambiri amasulidwa m'masukulu ochepawo, pamene ntchito zambiri za uphunzitsi zili kwina. M'ma community college, makoleji a zaka ziwiri amene amalandira pafupifupi aliyense womaliza sekondale, mphunzitsi nthawi zambiri amakhala ndi makosi 5 pa semesita. Mnzake wa ku R1 amakhala ndi awiri, mwinanso kuchepera. Choncho wachinyamata amakula akuona pulofesa wake akulemba za kafukufuku tsiku lonse, n'kuganiza kuti ntchitoyo ndi imeneyo. Akalembedwa ntchito amapeza mulu wa mapepala ofuna kuchonga, ndi ophunzira amene ena mwa iwo abwera m'kalasi atagwira ntchito usiku wonse.

M'chaka cha 1993 mabungwe awiri, Council of Graduate Schools ndi limene lero limatchedwa American Association of Colleges and Universities, anayambitsa ndondomeko ya Preparing Future Faculty ndi ndalama zochokera ku Pew Charitable Trusts. Yunivesite yopereka PhD inkamanga ubale ndi makoleji oyandikana nayo amene ntchito yawo yaikulu ndi kuphunzitsa. Wophunzira wa PhD ankapatsidwa mlangizi wochokera ku makoleji amenewo. Ankapita kukaonerera kalasi, kukhala nawo pa misonkhano ya aphunzitsi, kumva mmene amalankhulira ndi wophunzira wofuna kusiya sukulu, kenako n'kuphunzitsa yekha wina akumuona. M'zaka khumi, mayunivesite oposa 45, kuphatikizapo Howard University ya ku Washington, ndi makoleji pafupifupi 300 anali atalowamo. Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti inatembenuza ulemu: wa ku yunivesite yotchuka ndiye ankapita kukagwada kwa mphunzitsi wa ku koleji yaing'ono kuti amuphunzitse ntchito.

Muzu wa nkhaniyi ndi ulemuwo. Ernest Boyer, amene ankatsogolera Carnegie Foundation for the Advancement of Teaching, anatulutsa buku lotchedwa Scholarship Reconsidered mu 1990. Anatsutsa maganizo akuti wophunzira weniweni ndi yekhayo wotulukira zatsopano. Kwa iye, kulumikiza nzeru za m'maphunziro osiyana, kuzigwiritsa ntchito pa mavuto a anthu, ndi kuphunzitsa, zonsezi ndi ukachenjede wofanana ndi kutulukira. Zaka zoposa 30 zapita, koma maganizo akalewo sanafe. Alipobe amene amaona koleji yophunzitsa ngati pobisala mvula podikira ntchito yeniyeni. Makomiti olemba ntchito kumeneko amawadziwa anthu otere. N'chifukwa chake pa intavyu amakuuza kuti uphunzitse kalasi iwo akuona, ndipo amafuna ulembe mmene umaganizira za kuphunzitsa. Kalata yofotokoza kafukufuku masamba awiri, ophunzira n'kuwatchula mzere umodzi kumapeto, siipita patali. 

Pali amene amati uphunzitsi ndi mphatso, wobadwa nayo safunika kosi ndipo wopanda mphatsoyo kosi singamuthandize. Ndimawamvetsa, chifukwa tonse tikukumbukira mphunzitsi wina amene sanaphunzitsidwe ndi aliyense koma ankatigwira mtima. Koma tamvani za Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard. Ophunzira ankamuyamikira ndipo mayeso ake ankakhoza. Cha m'ma 1990 anawapatsa mayeso ena ofunsa tanthauzo la malamulo a Newton popanda masamu ambiri, ndipo ambiri anapunthwa. Wina anachita kumufunsa ngati ayankhe monga anaphunzitsidwira kapena monga iye amaganizira. Anali ataloweza njira zowerengera, koma maganizo amene anabwera nawo sanasunthe. Mphatso Mazur anali nayo. Chimene analibe ndi njira yodziwira zimene zikuchitika m'mitu ya omumvera.

Njira imene anapeza ndi yosavuta. Amafotokoza pang'ono, n'kufunsa funso limodzi lokhala ndi mayankho angapo. Aliyense amaganiza yekha n'kusankha. Kenako amatembenukira kwa mnzake amene wasankha zosiyana, akanganepo mphindi zochepa, n'kusankhanso. Kawirikawiri oyankha bwino amachuluka ulendo wachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti wophunzira amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene panali poterera, pamene pulofesa anaiwala zaka zambiri zapitazo. Mu 2014 Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya. M'makalasi ongomvetsera, ophunzira pafupifupi 34 mwa 100 alionse ankalephera. M'makalasi amene ophunzira ankatenga mbali, olephera anali pafupifupi 22. Kusiyana kumeneku sikuchokera ku mphatso. Ndi luso limene munthu angaliphunzire, ndipo silifuna pulojekita kapena magetsi. Kukweza manja kapena timapepala ta zilembo n'kokwanira.

Enanso amati mphunzitsi wosachita kafukufuku amachita dzimbiri. Apa pali zoona. Ndaonapo manotsi ofiira ndi ukalamba akuwerengedwabe ngati atsopano. Koma mankhwala ake ndi kuwerenga ndi kufunsa, ndipo kalasi yenyewe ndi malo a kafukufuku: n'chifukwa chiyani mutu womwewo umagwetsa ophunzira chaka ndi chaka?

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ku America, chifukwa pafupifupi ntchito iliyonse ya m'masukulu athu apamwamba ndi ya kuphunzitsa. Domasi College of Education, imene inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, Nalikule ya ku Lilongwe, ma TTC, makoleji a zaumoyo, mayunivesite a mipingo monga University of Livingstonia ndi Catholic University, konseku munthu amalembedwa ntchito makamaka kuti aime m'kalasi. Ngakhale ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, kumene kafukufuku amachitika, sabata ya mphunzitsi watsopano imathera m'kalasi ndi pa kuchonga. Ophunzira ake ena achokera ku sekondale zogonera konko, ena ku ma CDSS kumene labotale anangoimva dzina. Onse aphunzira m'Chingerezi chimene ambiri sachilankhula kunyumba. Ndipo wophunzitsa ku Domasi aziwa kuti kaphunzitsidwe kake sikathera m'chipindamo. Aliyense wokhala patsogolo pake adzakachita zomwezo kwa ana mazanamazana, zabwino ndi zoipa zomwe.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo obwera ndi madigiri kuchokera ku Britain, South Africa kapena America timawalandira motero. Koma kalumo kamene ambiri amabweretsa ndi ka kafukufuku kokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti enawo anali pa malo amene luso linalo likanapezeka mosavuta. Ku Britain, kuyambira pa lipoti la Dearing la 1997, maphunziro a kaphunzitsidwe a aphunzitsi a m'mayunivesite anafala, ndipo mayunivesite ambiri amalola ophunzira a PhD kulowa nawo. Koma ambiri mwa anzathuwo amawalambalala poopa kutaya nthawi ya kafukufuku. Sindikuwaweruza, pakuti amadziwa kuti kukwezedwa pa ntchito kumayang'ana kwambiri zimene wasindikiza. Malinga ngati makomiti okweza anthu awerenga mapepala osindikizidwa okha, wanzeru aliyense adzathawa choko. Apa eni masukulu ndi a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ali ndi mbali yawo.

Komabe wophunzira sayenera kudikira kuti malamulo asinthe. Inu amene muli pa digiri yachiwiri kapena PhD, kaya ku Zomba kaya ku Leeds, pemphani kalasi yoti muphunzitse musanamalize, makamaka ya chaka choyamba, imene akuluakulu amaithawa. Itanani mnzanu akhale kumbuyo, ndipo mumupemphe alembe zimene ophunzira akuchita, osati zimene inu mukunena. Chongani mayeso ambiri, pakuti m'mayankho olakwika ndi mmene mumaonekera pamene phunziro linaphonya. Phunzirani kukonza kosi kuyambira kumapeto, pa chimene mukufuna wophunzira adzathe kuchita, osati pa mutu woyamba wa buku. Ndipo ngati kufupi ndi kwanu kuli TTC, pitani mukapemphe kukhala kumbuyo kwa kalasi ya mphunzitsi amene wakhala akusula aphunzitsi zaka zambiri. Mwina alibe PhD, koma ntchito imene mukuifunayo amaidziwa kuposa inu.