Kalata ya Chidindo ndi Nyimbo ya Pamtondo

Padangokhala mnyamata wina ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga. Masana ankagulitsa kachewere ndi nyemba pamsika, madzulo n'kumaimba gitala pakhonde, zala zitauma ndi chisanu cha kumapiri kuja. Ankakhala ndi agogo ake aakazi, amene kwawo kunali kunyanja, cha ku Metangula. Mtima wake wonse unali pa gulu la Massukos, ana a mu Lichinga momwemo, amene ankaimba m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakuwa mpaka kukamveka kutsidya kwa nyanja zazikulu. Mtsogoleri wawo, Feliciano dos Santos, atalandira mphotho ya Goldman mu 2008, mnyamatayo ali kamwana anadziuza kuti nayenso adzaimba za kwawo.

Agogo aja anali ndi nyimbo imodzi imene ankaimba posinja, yodandaula za mwamuna amene anapita kuntchito kutali osalemba kalata. Mnyamatayo anaitola, nawonjezapo ndime ziwiri zakezake. Mu 2016, chaka chimene sitima ya ku Cuamba inayambanso kufika ku Lichinga, anakaijambula m'kachipinda kena kuseri kwa malo ometera, kokhomedwa makatoni a mazira m'makoma. Ndalama zolipira oimba ng'oma analibe. Wojambulayo anati, "Usadandaule aphiri, ndili ndi biti yabwino pakompyuta pano." Mnyamatayo sanafunse kumene yachokera.

Nyimbo inagwira moto. Inayenda m'mafoni, inalira m'maminibasi a ku Mandimba, amayi ogulitsa usipa ankaivinira ali chikhalire.

Tsiku lina kunafika kalata ya Chipwitikizi, ya chidindo chachikulu, yochokera kwa loya wa mkulu wina wolemera amene anali ndi oimba ake mumzinda wina waukulu. Inati nyimbo yonseyo ndi ya woimba wawo, ndipo mnyamatayo alipire ndalama zokwana kugula njinga zamoto zitatu pasanathe masiku 15, apo ayi akaonana kukhoti.

Mnyamatayo anasiya kudya. Anzake anabwera ndi nzeru zawo. Wina anati athawire ku Mangochi kudzera pa Chiponde mpaka zizizire. Wina anati amunyoze mkuluyo pa Facebook dziko lonse lidziwe. Wojambula uja anangotseka kachipinda kake n'kuzimitsa foni. Mnyamatayo anasankha zake: anafufuta nyimbo mufoni mwake, anaika gitala m'thumba la chimanga, nabisa kalata pansi pa mphasa. Ine ndimamumvetsa. Kwa munthu amene sanalowepo m'khoti, pepala la chidindo limaopsa kuposa mwini wake, ndipo olemba makalata otere amadziwa zimenezo bwino lomwe.

Agogo anaipeza kalata ija posesa.

"Iwe, pepala ili likuti chiyani kuti uleke nsima?"

"Akuti ndinaba nyimbo, agogo."

"Nyimbo iti? Yanga ija? Amene akuti ndi yakeyo anabadwa liti? Ine ndinaimva kwa amayi anga ndisanamere mano achiwiri. Dzuka. Mlandu suwola, ukaubisa pansi pa mphasa udzaupeza uli pompo."

M'mawa anapita onse awiri ku IPAJ, ofesi ya boma imene imathandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Anapezako mayi wina wodekha, amene anawerenga kalata ija mpaka kumapeto, kenaka anati, "Agogo, tandiimbireni monga mmene mumaimbira kwanu." Agogo anaimba, dzanja likukwera ndi kutsika ngati lagwira munsi. Mayiyo anapempha mnyamatayo kuti aimbe yake ndi pakamwa pokha. Atatero, mayiyo analiza pafoni nyimbo ya woimba wa mkulu uja, nalizanso imene inajambulidwa m'kachipinda kaja. Onse anakhala chete, chifukwa ng'oma ndi limba za pansi pa nyimbo ziwirizo zinali zimodzimodzi, ngakhale pamene ng'oma inkadumpha.

"Achimwene," anatero mayiyo, "m'nyimbo yanuyi muli zinthu zitatu, ndipo kalatayi yaziunjika pamodzi kuti muchite mantha. Maimbidwe amene agogo aimbawa ndi a makolo. Lamulo la 2001 la umwini wa ntchito zaluso limati zamakolo zotere mwini wake ndi Boma, m'malo mwa anthu onse. Woimba wawoyo anatolanso pomwe inu munatola, sangakutsekereni chitsime. Ndime ziwiri zija ndi zanu, ndipo zinakhala zanu tsiku limene munazipeka, ngakhale simunakalembetse kulikonse. Koma ng'oma ndi limba izi anaziimba anthu ena, anazijambula ndi ndalama zawo. Apa ndiye mwalakwa."

"Koma mayi, sindinadziwe. Anaika ndi wojambula."

"Nyimbo yatuluka m'dzina la yani?"

Mnyamatayo anagwetsa nkhope. Agogo sanamuikire kumbuyo. Anati, "Nkhuku ya eni ikalowa m'khola lako umabweza, koma subweza ndi khola lomwe."

Analemba yankho tsiku lomwelo. Anavomera poyera za ng'oma ndi limba, napepesa, nalonjeza kuchotsa nyimbo yojambulidwayo paliponse pamene anaiika ndi kupereka kagawo ka zochepa zimene anapeza poimba m'maukwati. Za maimbidwe anakana kwamtuwagalu, nati ngati nkhani ipita kukhoti, kudzabwera amayi a kunyanja amene aiimba nyimboyo kuyambira nthawi ya Apwitikizi, Lichinga akutchedwa Vila Cabral. Kudikira yankho kunali kowawa, mnyamatayo ankadzidzimuka njinga yamoto iliyonse ikaima pakhomo. Yankho litafika, za njinga zitatu zija munalibenso. Mkuluyo analandira kagawo kaja, za khoti osazitchulanso, pakuti sanafune kuti woweruza amve gogo wa ku Metangula akuimba nyimbo imene iye ankaigulitsa ngati yake.

Mtima utakhala pansi, mnyamatayo analowa dyera. Anamva za SOMAS, bungwe la ku Maputo limene limatolera ndalama za olemba ndi opeka nyimbo, monga mmene COSOMA imachitira ku Malawi. Anati, "Agogo, ndikalembetsa nyimbo yonse m'dzina langa, kuti wina asadzandivutitsenso."

Agogo anaika pansi lichero.

"Ndiye mawa mwana wa ku Cóbuè akadzaiimba, iwe udzamulembere kalata ya chidindo? Wachira dzulodzuloli, lero ukufuna kudwalitsa anzako?"

Anabwerera kwa mayi uja kuti awalembere mapepala, ndipo iye anawasimbira za Solomon Linda wa ku South Africa, amene anajambula nyimbo yake ya Mbube mu 1939. Nyimboyo inalemeretsa anthu a ku America, inalowa ngakhale mu filimu ya Disney, koma mwini wake anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anadikira mpaka 2006 kuti agwirizane nawo zolipidwa. "Choncho lembetsani ndithu," anatero, "musachite manyazi ndi thukuta lanu. Koma lembani zoona: ndime izi ndi zanu, kakonzedwe aka ndi kanu, maimbidwe ndi a makolo a kunyanja."

Anaijambulanso nyimboyo mwezi wa Ogasiti. Ulendo uno sanafune biti ya pakompyuta. Agogo anaitana anzawo atatu a kutchalitchi, anabwera ndi mtondo ndi minsi iwiri, nathiramo chimanga chenicheni, chifukwa ankati mtondo wopanda kanthu umalira mwabodza. Wojambula wina, wosiyana ndi woyamba uja, anavutika nawo tsiku lonse, pakuti amayiwo ankaseka pakati pa nyimbo ndipo munsi unkagwedeza maikolofoni. Asanayambe, mnyamatayo anatulutsa pepala lolembapo mayina a onse, zimene aliyense waimba ndi gawo limene adzalandire. Amene sankatha kulemba anadinda chala. Agogo anakana kudinda mpaka atawawerengera mokweza m'Chinyanja, ndipo atamva kuti dzina la mudzi wawo mulibe, anauza mdzukulu wawo kuti alembenso pepala lonse.