Kodi Chosadyedwa N'chachabe?

Kodi chinthu chimene sitingadye kapena kugulitsa chili ndi phindu? Ife a ku Njuli funsoli sitichedwa nalo. Kwathu mwala ndi kwale wodzaza lole, ndipo nsomba ndi usipa wa pamulu kumsika. Chilichonse timachidziwa ndi mtengo wake. Koma ntchito yowerenga nsomba ku Cape Maclear, imene ndinathandizako nthawi ya tchuthi, imapereka yankho lina.

Ntchitoyi imachitikira m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Munthu amavala galasi kumaso, n'kuluma kapaipi kopumira, kenaka amayandama chafufumimba akulemba mitundu ya mbuna imene akuiona.

Phunziro loyamba ndi la kudekha. Ukamaphiriphitha m'madzi, mbuna zimathawira m'ming'alu ya miyala, ndipo ukhoza kulumbira kuti kulibe kanthu. Ukangoti duu, zimatuluka: zobiriwira, zachikasu, zamizeremizere. Akuluakulu sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi ndi zinthu zingati zimene timazitcha zachabe chifukwa choti tinaziyang'ana mothamanga?

Lachiwiri ndi la mwala. Zambiri mwa mbuna zimadya ndere za pamiyala ndipo sizikonda kuwoloka madzi akuya, choncho mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha. Matope ochokera kumapiri ometedwa akakwirira miyalayo, chakudya chimatha, ndipo mtundu wotere ukatha pamenepo ndiye kuti watheratu padziko lonse. Wodula mtengo kumtunda nsombayo sanaionepo, koma mlandu ali nawo.

Lachitatu ndilo landisowetsa mtendere. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kwa milungu ingapo, pafupifupi osadya. Njala ilipo, chomeza chili m'kamwa momwemo, koma sameza. Nanga ife amene timakokolola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, nzeru zathu zili pati?

Wina adzati msodzi wa ku Chembe amene ana ake agona ndi njala sangadye kukongola kwa mbuna. Zoonadi, ndipo kumunyoza tili okhuta n'kulakwa. Komabe pachilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Asodzi omvera lamulolo si olemera ayi. Anangozindikira kuti kudziletsa lero ndiko kudya mawa.

Choncho, abale anga, chosadyedwa si chachabe. Mtengo wa chinthu timauika ndife, koma ulemu wake tinaupeza. Tisanaphwanye mwala kapena kuponya khoka, tiyambe tadekha ndi kufunsa chimene chikudalira pamenepo, pakuti madzi akatayika saoleka.