Gitala la Eric Clapton ndi pakamwa pake

Pa 20 Marichi 1991, mwana wa zaka zinayi dzina lake Conor anagwa kuchokera pazenera la nyumba yosanjikizana mumzinda wa New York, pansanjika ya 53, n'kufera pomwepo. Bambo ake anali Eric Clapton, woyimba wa ku England amene ambiri amamuyika m'gulu la akatswiri a gitala oposa onse pa chamba cha rock. Patapita miyezi ingapo, Clapton ndi mnzake Will Jennings anapeka nyimbo yotchedwa Tears in Heaven, yolira mwanayo. Nyimboyi yaliza anthu ambiri, ndipo m'mayiko ena amayiyika pamaliro a ana. Kholo limene linayikapo mwana m'manda silisowa kudziwa Chingerezi kuti limve zimene gitalalo likunena.

Munthu yemweyo, zaka 15 m'mbuyo mwake, mu Ogasiti 1976, anaima pansanja mumzinda wa Birmingham ataledzera, n'kusiya kuyimba kuti atukwane anthu akuda ndi onse obwera. Anawatchula mayina onyoza, anawauza kuti achoke m'dzikomo, ndipo analimbikitsa anthu kutsatira Enoch Powell, wandale amene mu 1968 anatchuka ndi mawu oopseza kuti obwera adzabweretsa chipwirikiti ku Britain. Nthawiyo zinthu zinali zitatentha kale: miyezi yochepa m'mbuyomo, nyuzipepala zina za kumeneko zinali zitachita phokoso lalikulu chifukwa cha mabanja ochepa a amwenye ochokera ku Malawi kuno amene anasungidwa mu hotela pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick. Mawu a woyimba wotchuka anali ngati mafuta othiridwa pamoto woyaka kale. Kunyumba nakonso sikunali bwino. Mu 1999 iye mwini anavomera kuti pa zaka zake za uchidakwa ankazunza mkazi wake, Pattie Boyd.

Tsono munthu amene wadziwa zonsezi achite nayo chiyani nyimbo ya Conor ija? Ayizime, kapena apitirize kuyimvera ngati kuti sanamve kanthu?

Yankho lofala n'lakuti nyimbo n'njina, munthu n'ngwina. Amene amatero amapereka chitsanzo cha mmisiri: tebulo likakhala lolimba, wogula safunsa ngati kalipentalayo amamenya mkazi wake. Akuluakulu nawonso anati ukaipa dziwa nyimbo. Koma mwambiwu ukunena za nkhope, osati za mtima. Ukulangiza wosaoneka bwino kuti apeze luso lomudyetsa. Sukulonjeza wankhanza kuti luso lidzamuchapa. Ndipo nyimbo si tebulo. Kalipentala akagulitsa tebulo amachoka, pomwe woyimba amatsala m'nyimbo yake: mawu ndi ake, mpweya ndi wake, ndipo womvera amamulowetsa m'chipinda chogona, m'galimoto, ngakhale pamaliro. Ngati woyimbayo ali moyo, ndalama ya tikiti ndi ya chimbale imakafika m'thumba mwake, n'kumuwonjezera mphamvu yoti akayankhula anthu amve.

Pa nkhani ya Clapton pali china chimene chimachititsa kuti kulekanitsako kuvute kwambiri. Luso lake lonse analitenga kwa anthu omwe anawatukwanawo. Ali mnyamata ku Surrey, anaphunzira gitala pomvera zimbale za oyimba akuda a ku America a chamba cha blues, monga Robert Johnson, Muddy Waters ndi B.B. King. Blues inabadwa pakati pa zidzukulu za akapolo kum'mwera kwa dzikolo, m'minda ya thonje, momwe munthu wakuda analibe mawu pamaso pa lamulo. Ndipo mu 1974, zaka ziwiri zokha asanalankhule za ku Birmingham zija, nyimbo yake imene inafika pa nambala wani ku America inali I Shot the Sheriff, yopekedwa ndi Bob Marley wa ku Jamaica. Anthu a ku Jamaica anali m'gulu lomwelo la amene iye ankati achoke. Wojambula zithunzi wina, Red Saunders, ndi anzake analemba kalata kunyuzipepala za oyimba yomukumbutsa kuti gawo lalikulu la nyimbo zake n'la anthu akuda, ndipo kalatayo ndi imene inayambitsa gulu la Rock Against Racism.

Choncho amene amati tiyeni tingomva gitala, zinazo tizisiye, sakudziwa kuti gitalalo ndiye mboni yoyamba pa mlanduwu. Zala zake zinkavomereza usiku uliwonse kuti aphunzitsi ake ndi akuda, pakamwa pake n'kumakana. Kuchotsa nyimbo pa munthuyu sikuchepetsa tchimolo. Kumangobisa kukula kwake, chifukwa chimene anachita chinali choposa tsankho wamba: kunali kudya nsima pakhomo pa munthu, n'kutuluka kukamunyoza pamsewu.

Yankho lachiwiri n'lakuti zonse zitayidwe. Nalonso lili ndi vuto lake. Chisoni cha bambo wotaya mwana sichikhala chabodza chifukwa chakuti bamboyo ndi wochimwa. Mkhristu amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, popeza pafupifupi pa Misa iliyonse pamakhala Salimo, ndipo Masalimo ambiri amadziwika ndi dzina la Davide, mfumu imene inalanda mkazi wa Uriya n'kukonza zoti mwini mkaziyo afe kunkhondo. Mpingo sunachotse Masalimowo. Koma sunafufutenso nkhani ya Uriya. Ili pomwepo m'Buku Lachiwiri la Samueli, ndipo imawerengedwa poyera. Salimo 51, lopempha chikhululukiro, limamveka bwino munthu akadziwa chimene wolipempherayo anachita. Wopemphera Salimoli salekanitsa nyimbo ndi woyimba. Amazinyamula zonse ziwiri pamodzi, ndipo kulemera kwake n'kumene kumapatsa mawuwo mphamvu.

Apa ndi pomwe Davide ndi Clapton akusiyana. Mneneri Natani atamudzudzula, Davide anavomera nthawi yomweyo, osanamizira china. Pa katekisimu ana amaphunzira kuti kulapa kumafuna chisoni, kuulula ndi kukonza zimene zawonongeka. Ukayeza Clapton ndi muyeso umenewu, zotsatira zake n'zosakanikirana. Pa nkhani ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ntchito zake zikuoneka. Anasiya mowa mu 1987, mu 1998 anatsegula malo othandiza zidakwa otchedwa Crossroads Centre pa chilumba cha Antigua, ndipo chaka chotsatira anagulitsa magitala ake pafupifupi 100 n'kupereka ndalama zoposa madola 5 miliyoni ku malowo. Uku n'kulapa kokhala ndi manja ndi miyendo. Koma pa nkhani ya Birmingham anazengereza zaka makumi. Mu 2004 ankayamikirabe Powell kuti anali wolimba mtima. Mu 2018 ndi pomwe ananena poyera kuti amanyansidwa ndi zimene analankhula, ndipo ngakhale pamenepo mlandu waukulu unapita kwa mowa. Aliyense amene anakhalapo ndi chidakwa pakhomo amadziwa kuti botolo silibwera ndi mawu ake. Limangotsegula chitseko cha zimene zinali kale m'kati.

Ndale zake za masiku a mliri wa Covid-19 n'zofunika kuziyika padera. Anatsutsa malamulo otsekera anthu m'nyumba, anadandaula poyera kuti katemera anamudwalitsa, ndipo mu 2021 ananena kuti sadzayimba m'malo olowetsa obayitsa okhaokha. Ambiri anakwiya, ndipo n'zoona kuti munthu wotchuka akamalankhula za mankhwala amene sanaphunzire amasocheretsa ena. Komabe kutsutsana ndi boma pa lamulo si chimodzimodzi ndi kuuza munthu kuti khungu lake silikufunika. Womvera amene amataya woyimba aliyense wosiyana naye maganizo adzatsala ndi wayilesi yopanda phokoso. Kusiyana maganizo munthu akhoza kukupirira. Chipongwe pa umunthu wa wina n'chimene chimafuna kupepesa.

Ndiye womvera aloledwe kumvera? Inde, koma asadzinamize kuti kumverako n'kukhululuka. Chikhululukiro amapereka ndi wolakwiridwa. Munthu wa ku Jamaica amene anali muholo ya ku Birmingham usiku uja, atalipira tikiti ndi ndalama zake, ndiye ali ndi mawu pa nkhaniyo. Pa za kunyumba, mwini mawu ndi Pattie Boyd. Wokonda nyimbo amene sanapwetekedwe alibe ufulu wotseka mlandu m'malo mwawo chifukwa choti gitala lamukomera, ndipo alibenso ufulu wonyoza amene sangathe kuyimva nyimboyo popanda kumva kutukwana kuja. Mayi wotaya mwana amene amapeza mpumulo mu Tears in Heaven sakulakwa. Nyimboyo inafika kwa iye ngati mphatso, ndipo mphatso siyipa chifukwa cha manja oyibweretsa. Choyipa n'kudziwa, kenako n'kumauza ena kuti zimenezo n'zakale, aiwale.

Robert Cray, woyimba blues wakuda wa ku America, anakhala bwenzi la Clapton zaka zoposa 30, ndipo anayimbira limodzi m'malo ambiri. Za ku Birmingham sizinawalekanitse. Chinawalekanitsa ndi nyimbo yotchedwa Stand and Deliver, yopekedwa ndi Van Morrison, imene Clapton anatulutsa mu Disembala 2020, yoyerekeza malamulo a mliri ndi ukapolo. Kwa munthu amene makolo ake anagulitsidwa pamsika, kufanizira kukhala m'nyumba miyezi ingapo ndi unyolo sikunali nkhani ya ndale chabe. Apa panalibenso choti n'kulekanitsa, poti maganizowo anali atalowa m'nyimbo momwemo. Cray analembera mnzakeyo kumufunsa, yankho silinamukhutiritse, ndipo anakana kupita naye pa ulendo wa zoyimba umene anali atagwirizana kale.