Galimoto Ndi Yanga, Nanga Msewu?

Loweruka lililonse m'mawa, anthu odutsa pakhomo panga ku Area 25 amaona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto. Miyendoyo ndi yanga. Mkati mwa sabata ndimamanga tayi n'kukakhala padesiki muofesi ya boma, koma likafika Loweruka ndimavala ovolosi ya malemu bambo anga ndi kuyala katoni pansi pa Toyota Corolla yanga. Galimotoyi idachokera ku Japan, idatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe, ndipo pomwe inkafika m'manja mwanga n'kuti itatumikira kale mabwana awiri.

Ntchito yokonza ndekha galimoto sindidaiyambe chifukwa choikonda ayi. Lidandiyambitsa ndi thumba. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya idathamanga kusiya malipiro anga ali chiimire. Ndikagula sipeya, ya makaniko inkasowa. Ndikasunga ya makaniko, sipeya inkasowa. Choncho ndidagula masipanala angapo ndi jeke, n'kuyamba ndi zing'onozing'ono: kusintha oyilo, kusintha mapulagi, kupala dzimbiri pamitu ya batire, kukunga lamba wa injini. Aphunzitsi anga adali mavidiyo a pafoni ndi zilonda za m'zala.

Ndisanafike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi, ndinene chilungamo: ntchitoyi ndi yokoma. Ife a muofesi sitiona chipatso cha thukuta lathu. Kalata imene walemba lero imapita kwa bwana, bwana aitumiza kwa bwana wake, ndipo sudziwa ngati idathandizapo munthu. Koma injini imene dzulo inkatsokomola, ukaisintha mapulagi n'kuimva ikulira mosalala, mtima umakhala pansi mwa mtundu wina. Komanso munthu wodziwa za m'boneti mwake sapusitsidwa wamba. Kale makaniko wina adandilipiritsa sipeya yatsopano pamene adangotsuka yakale ndi petulo. Lero sangandichite zotero. Ndiye amene anganene kuti kukonza wekha galimoto ndi umbombo kapena kulanda amisiri nsima pakamwa, ine sindigwirizana naye.

Vuto langa lili pena, ndipo lidayambira pa mabuleki.

Tsiku lina ndidaona kuti kapaipi ka labala kopititsa mafuta a mabuleki ku tayala lakutsogolo kayamba kuchucha. Ndidagula kena, ndidakaika, ndidathiramo mafuta a m'botolo limene lidakhala m'sitolo mwanga chitsegulire mwina chaka chathunthu. Aliyense amene adagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti ukatsegula mapaipi a mabuleki mumalowa mpweya, ndipo mpweyawo uyenera kutulutsidwa wonse, wina akuponda buleki, wina akutsegula ndi kutseka kabawuti kakutayala. Wondipondera adali mwana wanga wa zaka 12, amene maganizo ake adali ku mpira. Titamaliza ndidazungulira nayo galimoto m'dera lathu. Inkaima ndithu. Koma phazi langa lidamva kuti buleki yafewerapo pang'ono, ngati ukuponda chinkhupule. Ndidadziuza kuti ikhazikika yokha. Dzuwa lidali litapendeka, msana unkawawa, ndipo mtima unkafuna kumva kuti ntchito yatheka.

Patangotha masiku anayi aneba athu adalandira uthenga wa maliro a mayi awo kumudzi, kufupi ndi Golomoti. Maliro sakanirana, ndipo pamzere wa nyumba zathu galimoto idali yanga yokha. Tidanyamuka m'bandakucha: ine, aneba, akazi awo ndi kamwana kawo kamkazi, ndipo pa Dedza tidatenganso mlongo wawo. M'buti mudali matumba a ufa ndi katundu wina wa pamaliro. Pa Masasa tidasiya msewu wa M1 n'kuyamba kutsika Khwekhwerere.

Amene adadutsapo akuudziwa msewu umenewu, momwe umapindikira ngati njoka kutsetsereka phiri, chigwa chili pansi apo, nyanja ikuonekera patali. Titapitirira theka la chitsikirocho ndidaponda buleki pokhota, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Ndidapopa kawiri, katatu, idagwira pang'ono. Galimoto yanga ndi ya otomatiki. Ndidakokera giya pa 2, kenaka pa L, injini idakuwa ngati ikung'ambika, ndipo ndi handibuleki yokoka pang'onopang'ono ndidakaimika pambali pamene msewu udatambasukako. Kumatayala kunkatuluka fungo la chinthu chopserera. Anzangawo ndidawauza kuti injini yatentha, tiipumitse. Azimayi adapitiriza kuimba nyimbo yawo ya maliro chapansipansi. Patapita nthawi mabuleki adazizira, adayambanso kugwira, ndipo tidatsika motsala monsemo pa giya yotsika ngati kamba. Titafika, aneba adandigwira dzanja ndi manja awiri, amvekere, "Achimwene, Mulungu akudalitseni. Mumayendetsa mosamala kwambiri."

Chimene chidachitika ndidachimvetsa bwino pambuyo pake. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Amtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri oposa 200, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Potsika phiri ndi katundu wolemera, phazi lili pabuleki nthawi yonse, kutentha kumakwera, mafuta amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunzi, monganso mpweya umene ndidausiya m'mapaipi, imafinyika m'malo mokankha. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa onse pakatha zaka ziwiri. Ine ndidangothira akale pamwamba pa akale anzake.

Tsono funso limene lakhala likundisowetsa tulo ndi ili: kodi anthu anayi aja ndidawalakwira? Palibe amene adavulala. Palibe ngakhale amene adachita mantha, poti sadadziwe kanthu. Adafika pamaliro nthawi yabwino, osalipira ndi tambala yomwe. Mnzanga wina wa kuntchito nditamufotokozera adaseka n'kunena kuti mlandu wopanda wodandaula si mlandu.

Ndayesa kuwakhulupirira mawu amenewa koma akundikanika. Taganizani za amayi awiri amene aliyense wasiya chitsime chake chosavundikira pakhomo podzaza ana. Kwa woyamba mwana wagweramo, kwa wachiwiri ana asewera tsiku lonse osayandikirako. Mudzi udzatukwana woyambayo ndipo wachiwiri sadzatchulidwa n'komwe, komatu zimene adachita ndi chimodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi mwayi basi, ndipo mwayi si khalidwe la munthu. Ngati ndikadakhala wolakwa galimoto ikadagubuduzika kuphedi, ndiye kuti ndidali wolakwa kale Loweruka lija pamene ndinkatsitsa jeke. Phiri lidangondikhululukira.

Koma pali mbali ina imene siyenera kunyalanyazidwa. Kodi makaniko sakadalakwitsa chimodzimodzi? Ambiri mwa amisiri athu a pansi pa mtengo alibe pepala la sukulu ya ntchito. Adaphunzira poyang'anira mabwana awo, monga ine ndidaphunzirira poyang'ana pafoni. Ena amathira mafuta aliwonse amene ali pafupi. Nanga bwanji kulakwitsa kwa iye kukhale ngozi, kwanga kukhale tchimo? Apa ndidakhalapo nthawi yaitali, ndipo yankho limene ndidapeza silikhudza luso kwenikweni. Ndikapereka galimoto kwa makaniko pamakhala anthu awiri: iye wogwira ntchito, ine woiweruza. Buleki ikafewa ndimabwerera n'kumuuza kuti, "Madala, apa sipadathe," ndipo sindimumvera chisoni chifukwa msana umene ukuwawa si wanga. Koma pakhomo panga wogwira ntchito ndi woweruza adali munthu mmodzi, wotopa, wofuna kupulumutsa ndalama, wofunitsitsa kudzitcha katswiri pamaso pa mkazi wake. Woweruza wotere amalandira chiphuphu asanayambe n'komwe kumva mlandu. Akulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Phazi langa lidafunsa funsolo, koma padalibe wachiwiri woliyankha, ndiye ndidaliyankha ndekha momwe ndinkafunira.

Sindidalakwe chifukwa chosadziwa. Kusadziwa kukadakhala kopepuka. Ndidadziwa pang'ono, ndipo pang'onopo ndidapakwirira.

Pagalasi la galimoto yanga padali chiphaso cha COF chosatha ntchito, ndipo wapolisi wa pamsewu amene adatiimitsa m'mawa umenewo adachiyang'ana n'kutilola kupita. Iye adachita mbali yake. Chiphaso chimanena za tsiku limene galimoto idayesedwa. Za Loweruka langa sichidziwa. Boma silingaike woyang'anira pansi pa galimoto iliyonse m'makomo mwathu. Malo amenewo mumakhala munthu ndi chikumbumtima chake basi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ndi ya khalidwe kuposa lamulo.

Chichitikireni zimenezi ndimayang'ana ndi diso lina zinthu zimene timachita pa galimoto zathu m'makomomu, n'kumadzifunsa kuti zikavuta adzalipira ndani. Ambiri timachotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha kale. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imamwa petulo wambiri n'kutha msanga, koma wolira ndi mwini wake yemweyo. Zimenezo ndi zake. Koma pali mnzathu amene amamangirira nyali zowala ngati dzuwa kutsogolo kwa galimoto kuti iye aziona bwino usiku, osalabadira kuti wobwera kutsogoloyo wachita khungu ndipo pambali pake pali wa kabaza. Pali amene nyali yochenjeza ikayaka padashibodi amazula kababu kake kapena kumatapo tepi yakuda, kuti wodzagula galimotoyo asadzaone. Ameneyo sadakonze galimoto, wakonza maso a mnzake. Nanga oyilo wakuda uja timamutaya kuti? Ine kwa nthawi yaitali ndinkamukhuthulira kuseri kwa mpanda, mpaka tsiku lina ndidakumbukira kuti kumunsi kwa ngalandeyo kuli dimba la amayi ena ogulitsa masamba.

Timakonda kunena kuti, "Galimoto ndi yanga, ndidagula ndekha." Zoona. Wailesi ya m'nyumba mwanu mukaiphwasula n'kulephera kuibwezera, mudzangosowa nkhani za madzulo. Koma galimoto ndi chitsulo cholemera kuposa tani imodzi chimene mumachitulutsa pageti n'kukachithamangitsa pakati pa ana a eni. Umwini wanu umathera pageti pomwepo.

Ndisanamizire kuti malire ake ndi oonekeratu. Wina adzati, inu a Kapitolo mukulankhula chifukwa mwezi ukatha mumalandirako kenakake. Nanga munthu wa kumudzi amene kagalimoto kake kakale, komangidwa ndi mawaya ndi malegeni, ndi kokhako kamene kangathamangitse mayi wapakati kuchipatala usiku? Akadikira ndalama ya galaja yeniyeni, mayiyo adzachirira panjira, kapena kufera pomwepo. Apa ndilibe mawu odzudzula. Umphawi umatikakamiza kusankha pakati pa zoopsa ziwiri, ndipo galimoto yokayikitsa nthawi zina iposa kusowa galimoto. Komabe ndikaganiza bwino, anthu a m'mudzimo amakadziwa kagalimotoko. Amakaona kakukankhidwa m'mawa uliwonse, amadziwa kuti potsika phiri mwini wake amayamba wapemphera. Akakwera, akwera akudziwa. Aneba anga sadapatsidwe mwayi umenewo. Adaona galimoto yotsukidwa bwino ndi mwini wake wovala jekete, ndipo adandipatsa mwana wawo. Ndikadangonena pageti paja kuti, "Mabuleki ndagwiramo ndekha ndipo sindikukhutira nawo, tidzere kaye kwa makaniko kapena tizungulire njira ya ku Salima," iwo akadasankha okha. Ndidawasankhira, chifukwa kunena zimenezo kukadandichotsera ulemu umene ndinkaumva ponyamula anamfedwa.

Masipanala sindidataye. Oyilo ndimasinthabe ndekha, ndipo wakudayo ndimamusunga m'zigubu n'kukapereka kugalaja. Ngakhale mabuleki ndimagwirabe, koma ndikamaliza ndimapita nayo galimoto kwa madala ena a ku Kawale amene akhala pantchitoyi zaka zambiri, kuti aipondeko ndi phazi lawo losandikondera. Amandilipiritsa pang'ono, ndipo kawiri konse andibweza.

Chimene chidatsala ndi aneba aja. Miyezi idapita ndisanawauze, ndipo ndinkadziuza kuti kuwauza n'kungowapweteka mtima pachabe. Mwezi watha nawonso adagula galimoto yawo, ka Sienta kakale ndithu. Loweruka lapitali ndili pansi pa Corolla ndidaona nsapato zawo zitaima pafupi ndi miyendo yanga.

"Achimwene," adatero, "mabuleki a galimoto ija akulira. Ndati ndisapite kwa anyamata a kumsika, ndibwere kwa inu. Munthu amene adatitsitsa Khwekhwerere bwinobwino chonchija ndimamukhulupirira."

Ndidatuluka kunsi kuja, ndidapukuta manja pa ovolosi, ndidawapempha kuti tikhale pakhonde. Ndidawafotokozera zonse: za kapaipi, za botolo lakale, za phazi limene lidalowa mpaka pansi, ndi za bodza la injini yotentha. Adamvetsera osandidula, maso ali pa jeke. Nditamaliza adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa motsitsa mawu:

"Paja mwana uja adakhala mbali iti?"

Ndidawauza kuti adali kumbuyo kwanga, mbali ya kuphedi, atatsamira chitseko, akugona.